Mapaipi a Apongozi Anga

Sabata ino chakwana chaka chiwaikireni m'manda apongozi anga aamuna, a Gideoni Sakala, koma ine mtima sunakhalebe pansi. Si imfa yawo imene ikundisowetsa mtendere ayi. Anali atakalamba, zaka zawo anadya. Chikundidya ine ndi nkhani ya mapaipi asanu ndi imodzi amene ankaboolera zitsime m'madimba a kuno ku Kafue, ndi funso limene linawazunguza mutu zaka zonse zimene ndinawadziwa: iwo akadzapita, mapaipiwo ndi ntchito yake adzasiyira yani?

Munthu ameneyu sankadziwa kukhala pansi. Nshima ankadya chonjuta, phazi limodzi litaloza kale kuchipata. Ku tchalitchi ankakhala kumapeto kwa benchi, pafupi ndi khomo, ndipo ulaliki ukatalika munkangoona chipewa chawo chikudutsa pawindo. Choipa kwambiri chinali pamaliro. Anthu ali pakati pa nyimbo, iwo ankasendera pamulu wa dothi limene adzukulu afukula, n'kutapa pang'ono, kulifikisa ndi zala, mwinanso kulinyambita. Apongozi anga aakazi, aNaphiri, ankalakalaka nthaka itang'ambika kuti alowemo. Pobwerera ankawakalipira njira yonse, koma iwo ankangoyankha kuti dzenje lakuya chotero anthu sakumba tsiku lililonse, ndiye kulisiya osaliona bwino n'kutaya mwayi.

Ankalankhula pang'ono, ndipo pang'onopo zinali za pansi pa nthaka. Ankati anthu a ku Kafue maso onse ali kumtsinje, chonsecho madzi awaponda ndi mapazi awo. Ankatinso dothi silinama, amanama ndi mwini munda. Munthu akawaitana n'kuwalozera pamene akufuna chitsime, pafupi ndi khumbi lake kuti asamayende mtunda, iwo ankangodutsa pamalopo. Ankayendera munda wonse, manja kumbuyo, kuyang'ana zulu za chiswe ndi udzu umene ukadali wobiriwira m'chilimwe, kenako n'kukakhoma chikhomo kumalire kwenikweni. Mwini munda akachita makani, ankakweza mapaipi pa kangolo kawo n'kumapita osatsanzika. Ambiri ankawatsatira mawa lake, mawu atafewa.

Ku Kafue anabwera kuchokera ku Katete kudzagwira ntchito ya njanji. Zaka zambiri anali pa thanki yaikulu imene inkamwetsa madzi sitima za malasha. Titalandira ufulu sipanapite nthawi, kunabwera sitima za dizilo, zosamva ludzu, ndipo thanki ija inatha ntchito. Kapitawo wawo anawalola kutola mapaipi akale amene ankati akatayidwe. Nthawi imeneyo n'kuti Kafue yense ali piringupiringu: uku akumanga fakitale ya nsalu, uku ya feteleza, uku nyumba zatsopano za ku Estates zikumera ngati bowa. Anzawo onse a ku njanji anathamangira kukaima pamzere pazipata za mafakitale. Iwo anapitako tsiku limodzi, ndipo anabwerako ndi nzeru ina m'malo mwa ntchito. Mmwenye wina amene anabwera kudzamanga fakitale anawaona akufikisa dothi la pamaziko, anawafunsa chimene ankafuna, kenako anawajambulira pansi ndi kamtengo mmene kwawo amaboolera chitsime popanda makina. ANaphiri ankati tsiku limenelo ndi limene nyumba yawo inalowa mphepo.

Kaboolede kake ndi kotere, pakuti ambiri amene amadya repu wa m'madimba athu sanaonepo. Umakumba kadzenje kofika m'mawondo, n'kuthiramo madzi osakaniza ndi ndowe za ng'ombe. Ndowezo ndi zimene zimamata m'mbali mwa chiboo kuti chisagumuke. Umazika mphanda ziwiri, kuikapo mtanda, ndipo pamtandapo umagoneka mtengo wautali. Kunsonga imodzi ya mtengowo umamangirira paipi ndi tcheni, yoimirira m'kadzenje muja. Kunsonga inayo kumakhala anthu awiri amphamvu: akakanikiza mtengo pansi paipi imakwera, akausiya paipi imagwa n'kumenya nthaka. Wachitatu amaima pakansanja pamwamba, chikhatho chili pakamwa pa paipi. Paipi ikamakwera amatseka, ikamagwa amatsegula, ndipo matope a pansi amatumphukira kunja. Paipi ikalowa yonse amalumikizapo ina. Wa pamwambayo ndiye mwini ntchito, chifukwa amamva m'chikhatho mwake chimene paipi ikudya pansipo, kaya ndi makande, kaya ndi dongo, kaya ndi mchenga wa madzi. Apongozi anga ankangomutchula kuti dzanja. Ndipo lamulo lake ndi limodzi: mukafika mwakuya simuima. Mukaima, dothi limakhazikika n'kuluma mapaipi, ndipo ngakhale mutabwera ndi ng'ombe zisanu simungawazulenso.

Ndowezo zinkachokera kwa a Mweemba, Mtonga wa ng'ombe zambiri amene ankakhala cha ku njira ya ku Chanyanya. Awiriwa ankakangana ngati mitala, koma tsiku silinkapita osaonana.

"Ba Sakala, imwe simubwela kuona ine," a Mweemba ankatero. "Mubwela kuona kumbuyo kwa ng'ombe zanga chabe."

"Kumbuyo kwa ng'ombe zanu kumatuluka zanzeru kuposa pakamwa panu," ankayankha apongozi, fosholo ili kale m'khola.

Mkangano umene unalibe nthabwala unali wa iwo ndi mwana wawo mmodzi yekha wamwamuna, Lazaro, amene ndi amuna anga. Dzanja lija ankafuna kusiyira iye. Lazaro anali atalembedwa ku fakitale ya nsalu, ali ndi ovolosi yabuluu ndi nsapato zolimba, ndipo ankalota nyumba ya ku Estates ya mpopi wa m'kati, imene mpaka lero tikuidikirabe kuno ku Nangongwe. Ndinawamva tsiku lina ndili kuseri kwa khitchini.

"Batata, vinthu vachinja," anatero Lazaro. "Manje ni boma yathu, nchito zilipo. Ine siningazisamba matika monga nkhumba."

"Nsalu zakozo udzathirira nazo matimati?"

"Matimati nizagula pa maliketi."

"Nanga wolima matimatiyo madzi adzawatenga kuti?"

Lazaro anangotuluka. Anakwera njinga yake, ndipo bambo ake anakhala tsiku lonse akupaka mafuta mazinga a mapaipi amene anali atapaka kale dzulo lake.

Ine m'nkhani zimenezi ndinalibemo. Ndinali mpongozi, ndipo kwathu kum'mawa chipongozi si chamasewera. Sindinkayenera kuwayang'ana kumaso, kudya pamene iwo akuona, kapena kuima iwo atakhala. Tikakumana panjira ndinkapatukira m'udzu n'kugwada chofulatira. Akafuna kundiuza kanthu ankauza aNaphiri, ine ndili pomwepo: "Auzeni apongozi anu kuti mbuzi yalowa m'khitchini." ANaphiri ankatembenuka n'kundiuza, mbuzi itamaliza kale ufa. Mabanja ena a m'tauni anali atayamba kuzisiya zimenezi, koma a Sakala ankati munthu wasiya kwawo, sanasiye ulemu. Ineyo sizinkandiwawa. Ndinakulira momwemo, ndipo ndinkawalemekeza ndi mtima wonse.

Tsiku limene ndikufuna anthu alidziwe linabwera chaka chimene anatseka mtsinje ndi damu kumunsi kuja. Madzi anakwera n'kumiza madimba a m'mphepete, la aNaphiri lomwe. Anatipatsa malo ena kumtunda, pouma gwa, ndipo mbande za matimati zimene tinapulumutsa zinkafota tikuziona. Apongozi anakhoma chikhomo chawo, koma amuna awiri amene ankawakankhira mtengo anali atathawira kumzere wa ku fakitale. Popeza dimba linali la amayi ake, Lazaro anavomera kuthandiza Loweruka limodzi lokha. Iye ndi a Mweemba anagwira mtengo, apongozi anakwera pakansanja, ine ndi aNaphiri tinkatuta madzi odzaza m'kadzenje.

Mapaipi atatu atalowa, dzuwa lili pamutu, kunafika munthu wa panjinga kudzanena kuti ku fakitale akufuna anthu a ovataimu. Lazaro anayang'ana bambo ake, anayang'ana wa njingayo.

"Batata, nikakana bazanichotsa nchito."

Anasamba m'manja m'ndowa yanga n'kumapita. Ndinamva manyazi ngati kuti wathawa ndine.

A Mweemba anayesa okha, mtengo unakana. Apongozi anatsika pakansanja mofulumira kuposa msinkhu wawo n'kugwira pamene panali Lazaro. Tsopano mtengo unali ndi anthu, koma paipi inalibe dzanja. ANaphiri mawondo awo sakanatha kukwera. Apongozi anayang'ana pansi.

"Auzeni apongozi anu akwere."

"Mwapenga kodi?" anatero aNaphiri. "Mkazi wa mwana wanu aime pamwamba pa mutu wanu?"

"Ndifulatira. Auzeni akwere."

Ndinakulunga chitenje pakati pa miyendo n'kukwera. Apongozi anagwira mtengo chofulatira monga ananenera, ndipo apa ndi pamene tinachita chopusa chimene ndikachikumbuka ndimaseka ndi kulira pamodzi. Iwo ankati, "Auzeni atseke." ANaphiri ankatembenukira kwa ine: "Akuti tsekani." Pamene mawu ankandifika n'kuti paipi itayamba kale kugwa. Ndinkatseka pofunika kutsegula, kutsegula pofunika kutseka. Matope osatuluka, kapena kutuluka mwadzidzidzi n'kundimenya kumaso. A Mweemba anaseka mpaka kutsokomola. Kenako anasiya kuseka.

"Ba Sakala, iyi paipi yalema. Yayamba kugwila pansi."

Ndinamva nanenso. Paipi inkakwera monyinyirika, ngati mwendo wotitimira m'dambo. Mapaipi atatu, theka la chuma chawo chonse, anali kulumidwa ndi nthaka chifukwa cha ulemu.

Apongozi anatembenuka. Kanali koyamba kuona maso awo chikwatiwireni. Anali ofiira, ang'onoang'ono, ndipo munalibe manyazi ngakhale pang'ono.

"Esinati! Iwe Esinati, yang'ana ine! Ndikatsika, tseka! Ndikakwera, tsegula! Tseka!"

ANaphiri anagwetsa ndowa. Ine sindinkadziwa n'komwe kuti dzina langa amalidziwa. Koma dzanja linamvera lisanafunse mutu. Tseka, tsegula, tseka, tsegula. Paipi inagwedezeka, inakana, kenako inamasuka, ndipo matope akuda anatumphuka n'kutigwera tonse. Anandikalipira masana onse ngati mwana wawo wobala, kundinena kuti ndili ndi dzanja la phala, kuti ndikugona, kuti ndisayang'ane mbalame. Sindinasangalalepo ndi kukalipiridwa ngati tsiku limenelo. Pa paipi yachisanu ndinamva chinthu chachilendo m'chikhatho, kunyerenyetsa ngati mpunga wosaphika ukudutsa m'kati.

"Kwasintha pansi!" ndinakuwa.

Anatapa zimene zinkatuluka n'kufikisa. Unali mchenga waukulu, woyera. Tinazula mapaipi aja msangamsanga, tinatsitsamo paipi yokhalitsa imene anali ataichekacheka timipata kumunsi ndi sowo n'kuikulunga ndi saka, tinathira mchenga wa kumtsinje m'mbali mwake, ndipo dzuwa lisanalowe pampu inali italavula madzi oyamba. Matimati aja anachira.

Tikunyamuka, anafulatiranso. Anauza aNaphiri, mawu ali pansipansi: "Auzeni apongozi anu kuti dzanja ali nalo." Dzina langa sanalitchulenso mpaka imfa yawo.

Kuyambira pamenepo ndinakhala dzanja lawo. Mapewa awo anali atayamba kale kuvuta, ndiye ankaima pansi n'kumayang'ana matope, ine pamwamba. Sitinkafunikanso mawu. Ndikamva mchenga ndinkauza mphepo kuti kwasintha, iwo n'kuuza a Mweemba kuti abweretse paipi yokhalitsa. Tinaboola m'madimba ambiri, kuchokera kuseri kwa njanji mpaka kufupi ndi Chanyanya, ndipo ndiwo zamasamba zimene akazi a ku Estates ankagula pamsika zambiri zinkamwa madzi athu. Anthu ankanena, nanga anthu n'kuleka? Ankati mkazi wa Lazaro amakwera mitengo ngati nyani pamaso pa apongozi ake. Lazaro zinkamuwawa, ndipo masiku ena sankandiyankhula. Walira mvula walira matope, ndinkadziuza choncho ndikuchapa chitenje. Koma ndinkaona kuti a Sakala funso lawo silinathe. Tikamaliza chitsime ankayang'ana ine chakumbali, kenako n'kuyang'ana kumene kunkatuluka utsi wa fakitale, n'kupukusa mutu. Ankadikirabe mwana wawo.

ANaphiri anatsogola. Chimwalirireni iwo, m'nyumba munasowa wotipatsira mawu, ndipo apongozi anayamba kuuza zinthu: chitseko, mphaka, kampando kamene aNaphiri ankakhalira. Miyendo itawakana anavutika koopsa, chifukwa kugona chigonere kwa munthu wotere ndi ndende. Ankagwedeza phazi pamphasa tsiku lonse.

Masana ena, Lazaro ali ku shifiti, ndinawabweretsera phala n'kugwada pakhomo chofulatira. Ndinamva akulankhula ndi kampando kaja.

"Nanga ndiuze yani? Chabwino. Auzeni apongozi anu kuti mapaipi ndi awo. Tcheni, sowo, zonse. Asalole munthu kuwatenga."

Misozi inandigwera m'phala. Nanenso ndinayankha kampandoko.

"Auzeni bambo kuti ndamva, ndipo ndathokoza. Koma anene pamaso pa mwana wawo, kuti pakhale mboni."

Anati adzanena. Lazaro atabwera anakhala pambali pa mphasa, ine ndili pakhomo, khutu lili tcheru. Apongozi anamuyang'ana nthawi yaitali. Kenako anamufunsa ngati makina a ku fakitale akuyenda bwino. Mawa lake chimodzimodzi. Ndinawakwiyira, koma ndinawamvetsa. Munthu amene sankaopa mwini munda aliyense analephera kuuza mwana wake m'maso kuti ndakudumpha, ndapatsa mkazi wako. Tsiku lachitatu anasiya kulankhula.

Pa tsiku lometa kunabwera ana a mlongo wawo kuchokera ku Katete, amene mwa mwambo wathu ndiwo oyang'anira katundu wa malume awo. Anatulutsa zonse pabwalo: jekete, chipewa, wailesi yakufa. Atafika pa mapaipi ndinachita chimene mpongozi sachita. Ndinagwada pakati pa anthu n'kunena zimene ndinauzidwa. Wamkulu wa iwo anandimvetsera mpaka kumapeto, mwaulemu ndithu, kenako anafunsa anthu, osati ine.

"Kodi malume ankalankhula ndi apongozi awo?"

Anthu onse anati ayi, a Sakala anali munthu wa mwambo, sanayerekezepo.

"Nanga mawu amenewa anawauza liti, ndipo anamva ndani?"

Ndikanati chiyani? Kuti anamva ndi kampando? A Mweemba anaimirira n'kunena kuti iwo anaona ndi maso awo amene ankagwira ntchitoyo zaka zonsezi, koma anauzidwa mofatsa kuti nkhani ya banja ndi ya banja. Ndinayang'ana Lazaro. Liwu lake limodzi likanakwanira. Iye ankayang'ana nsapato zake.

"Basiye batenge, amake Tisa," anandinong'oneza. "Ni nsimbi chabe."

Anawakweza palole pamodzi ndi tcheni ndi sowo. Ndamva kuti kumudziko palibe amene anayesapo kuboola nawo. Anawadula pakati, ndipo tsopano agwira khonde la golosale. Lazaro ndinamukhululukira, pakuti ndimadya naye mbale imodzi, koma sindinamuuze kuti ndamukhululukira.

Lachiwiri lapitali kunabwera mayi wina wa ku madimba atsopano a kuseri kwa njanji, mwana kumsana, mapazi ali mbuu. Anati repu wake akupsa, ndipo anamva kuti pakhomo pano pali mzimayi wodziwa kuboola. Ndinangomutenga n'kupita naye kuseri kwa nyumba.

Kuseriko kuli mphanda zinayi zazifupi zimene apongozi anazika kuti mapaipi asamagone pansi. Imodzi chiswe chadya, yapendekeka. Pamene mapaipi ankatsamira, mtengo unasalala n'kuda ndi mafuta, ndipo mpaka pano fumbi silikhalapo bwino. Pansi pake panali mzere wa dothi loyera pamene udzu sunkamera, koma mvula ya chaka chino yautseka, kwangotsala kachigamba kamodzi pamene nkhuku zimasambira fumbi. Chitini cha mafuta chikadali pamsomali wake, chopanda chivundikiro, m'kati muli mzere wa madzi a mvula amene anauma ndi mavu akufa. Mayi uja anayang'ana mphandazo, anayang'ana manja anga, kenako anakonza mwana kumsana n'kufunsa ngati ndikudziwa wina aliyense. Ndinati palibe.